Mbalame Yoyankha Popanda Woitana

9 Febuluwale

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi Amayi ndi mlongo wanga, ndiponso kuti bondo lija lasiya kukuvutani. Ine kuno ndili bwino. Amalume nawonso ali bwino, kungoti anenepa moti lamba akumangira pa bowo lomaliza.

Sukulu ndayamba. Andiika pa desiki yakumbuyo pafupi ndi zenera, ndipo sindinadandaule chifukwa panja pake pali mtengo. Chilankhulo cha kuno ndikuchimva pang'onopang'ono. A m'kalasi mwanga sanandizolowere, nanenso sindinawazolowere, koma zimenezo tidzakamba tsiku lina.

Ndikaweruka ndimapita kunazale ya maluwa kumene amalume anandipezera ganyu. Ntchito yanga ndi kuthirira, kuthira dothi m'machubu ndi kukankha wilibala. Amandipatsa kangachepe Loweruka lililonse. Nsapato za sukulu ndagula kale, ndipo zotsalazo ndapatsira dalaivala wa basi amene akubweretsereni kalatayi. Amayi agulire sopo, asakabise m'chitini.

M'chipinda timagona anthu anayi: amalume, ine, telala wina, ndi mkulu wina wophika buledi amene amagwira ntchito ife tikugona n'kumagona ife tili maso. Dzina lija la Makutu landitsatira. Amalume ndi amene analinyamula, ndipo lafika kale mpaka kunazale.

Tsopano za achimwene, zimene munandituma. Lamlungu lapitalo tinapita ndi amalume kunyumba imene inalembedwa pa kalata yawo yomaliza ija, ya zaka zinayi zapitazo. Panopa m'nyumbamo akugulitsamo matayala. Tinafunsanso pa geti la fakitale imene ankagwirako ntchito, koma mlonda anangopukusa mutu. Amalume akuti tisiye, munthu amene safuna kupezeka sapezeka. Ine sindinasiye. Amayi muwauze kuti tikufunafunabe.

Mbalame ziliko, Bambo. Ndinkaopa kuti ndizidzangomva magalimoto. Pumbwa wa kuno ndi yemweyo, mkamwa mwake simuuma. Njiwa zilipo za mitundu iwiri, ndipo ina imalira mothamanga ngati ikuchedwa basi. Palinso kambalame kena m'mpanda wa sukulu kamene kamalira ngati munthu akunola mpeni pa mwala. Sindinakaone. Mundiuze ngati mukukadziwa. Ndikuchitabe monga munandiphunzitsira: kutseka maso kaye, kumva, kuyang'ana pambuyo.

Mlongo wanga asamatsegulire nkhunda zanga m'mamawa kwambiri, kabawi amadzuka msanga kuposa iye.

Ndine mwana wanu,
Makutu

2 Malichi

Okondedwa Bambo,

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndakondwa kumva kuti nonse muli bwino ndi kuti nkhunda zaswa. Kuno tonse tadzuka bwino. Mwati kambalame konola mpeni kaja kangakhale timba. Ndakaona Lachitatu, ndi timba ndithu, kungoti mchira wake ndi wotalikirapo. Mwakadziwa muli kutali choncho, ine ndili nako pamphuno.

Koma nkhani yaikulu ndi iyi: ndamva mwiyo, mbalame yathu ija.

Linali Lachinayi madzulo. Ndinkathirira kumapeto kwa nazale, kumene kuli mpanda wa waya ndi mitengo italiitali. Madzi akusokosera, magalimoto akudutsa, ndinangomva likhweru lija, lozama ngati munthu akuuzira m'botolo. Ndinaima chilili, paipi ikuthira nsapato zanga. Akapitawo anandiona ali patali.

"Iwe Makutu, ukuthirira maluwa kapena mapazi? Mapaziwo anakula kale, asiye."

Mukudziwa chimene chinandibwerera m'mutu. Inu muli kudimba, mwaimba likhweru la mwiyo wamwamuna kutiitana, ife atatu n'kumayankha aliyense mwa njira yake: mlongo wanga kamodzi kakafupi, ine kawiri, achimwene motalikitsa n'kupinda kumapeto chifukwa cha mpata wa mano awo uja. Amayi n'kumafunsa kuti kodi anakwatiwa kwa anthu kapena kwa mbalame. Tsiku lonse la Lachisanu ndinkangomwetulira m'kalasi mpaka aphunzitsi anandifunsa ngati masamu andikoma.

Mbalameyo sindinaione, ndipo ndaimva patali kangapo kokha. Kaimbidwe kake n'kosiyana pang'ono ndi ka mwiyo wa kwathu. Mwina nayenso ali ndi chilankhulo cha kuno.

Kunazaleko ndimagwira ntchito pa tebulo limodzi ndi mayi wina amene onse amawatcha Amayi a Mbande. Amayamba kulankhula polowa pa geti, amasiya potuluka. Amandifunsa mafunso ambirimbiri, ine ndimangoti eya kapena ayi. Dzulo anati, "Mwana iwe, kodi pakamwa pakopa amalipiritsa ukatsegula?" Ndinati ayi. Anaseka mpaka kukhala pa thumba la dothi.

Shati ya sukulu inang'ambika pa kolala. Musafunse. Telala wasoka bwino, sizikuoneka.

Za achimwene palibe chatsopano. Moni kwa onse.

Ndine mwana wanu,
Makutu

23 Malichi

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino. Ife kuno tili bwino. Kalata ino muiwerenge muli nokha kaye, mutakhala pansi.

Munandifunsa funso limodzi lokha: mwiyo saimba yekha, wamwamuna akaitana wamkazi amayankha pompo, nanga wakoyo akuyankhidwa ndi ndani? Ndinachita manyazi. Chimwemwe chinanditseka makutu.

Dzulo pa nthawi yopuma anzanga akumwa tiyi, ine ndinakakhala pansi pa mpanda uja, paipi nditatseka. Sindinadikire nthawi yaitali. Pa waya panatera mbalame yakuda bii, ya mchira wamphanda. Mnthengu, Bambo, wakuba mawu uja. Anayamba ndi kulira kwa mphaka. Kenako analira ngati kabawi, mpheta zonse n'kuthawira m'tchire, iye n'kutsika kukatola chiwala chimene zinasiya. Kenako analira ngati lole ikamabwerera chammbuyo. Ndinatsala pang'ono kuseka. Ndiye anakweza mutu n'kuimba likhweru lija, ine ndili pafupi moti ndikanamuponyera chipewa.

Si kuitana kwa mwiyo wamwamuna. Sikuyankhanso kwa wamkazi. Ndi kuyankha kwa achimwene.

Ndikudziwa mmene zikumvekera, koma munandiphunzitsa ndinu. Akutalikitsa chimodzimodzi, akupinda kumapeto chimodzimodzi, ngakhale kamphepo kaja kopulumukira m'mano akukaikamo. Mwiyo weniweni sachita zimenezo. Pa dziko lonse pali munthu mmodzi yekha amene amaimba molakwika choncho. Munandiuzanso kuti mnthengu sapeka nyimbo, amangoba imene amaimva kawirikawiri, ndipo sapita kutali ndi mitengo yake. Ndiye kuti achimwene amakhala kapena kugwira ntchito pafupi ndi mpanda umenewu, ndipo amaimba likhweru lathu kawirikawiri mpaka mbalame yaliloweza. Akumayankha popanda wowaitana.

Nditawauza amalume, anasiya kupukuta nsapato n'kundiyang'ana.

"Mphwanga, tafunsa alonda, tafunsa eni nyumba, lero mboni yathu ndi mbalame?"

Telala anati, "Mawa uifunsenso nambala ya nyumba, tisavutike."

Ndinawasiya aseke. Koma amalume atatuluka, telala anandifunsa motsitsa mawu kuti likhwerulo limamveka bwanji, akuti naye azitchera khutu kumsika.

Zowauza Amayi muone ndinu. Ine ndikuopa kuwakweza mtima ndi nkhani ya mbalame, komanso ndikuopa kuwabisira.

Ndine mwana wanu,
Makutu

13 Epulo

Okondedwa Bambo,

Moni nonse. Ndakondwa kumva kuti Amayi mwawauza ndipo sanaseke. Ine ndili bwino, kupatula kabudula mmodzi amene watsala ndi galu. Ndifotokoza.

Ndinaganiza zoti ndikaweruka kunazale ndizizungulira malo onse oyandikana ndi mpanda uja, n'kumaima pa geti lililonse ndi kuimba likhweru lanu loitana. Ndinati ngati achimwene ali mkati, pakamwa pawo padzayankha pokha asanaganize. Ndinayamba kuliyeserera m'chipinda mpaka mkulu wophika buledi anandiponyera pilo. Akuti akamva mwiyo winanso masana amuwotcha mu uvuni.

Pa garaja anandiyankha amakaniko onse asanu, aliyense nyimbo yake, wina akuimbira sipanala pa chitsulo. Panalibe wa mpata m'mano. Kocheka matabwa makina amasokosera moti nanenso sindinadzimve. Pa nyumba ina ya mpanda wa njerwa anandiyankha galu uja. Pa sitolo yapakona panatuluka mayi atanyamula tsache, poganiza kuti ndikuimbira mwana wawo wamkazi amene amagulitsa pa zenera.

"Mwana wangayu ali pa sukulu, wamva?"

"Nanenso ndili pa sukulu, mayi."

Sindikudziwa chifukwa chake yankho limeneli linawakwiyitsa kwambiri. Ndinathamanga. Mtsikanayo tsopano akandiona amaseka, ndipo ine ndimadzera tsidya lina la msewu.

Kwa milungu itatu palibe chimene ndapeza. Masiku ena ndimaganiza kuti mwina amalume akunena zoona, mwina achimwene anakhalako kuno n'kuchoka kalekale, mbalame yangotsala ndi mawu awo.

Koma tamverani zimene wachita wakuba uja. Pomandimva tsiku ndi tsiku, wabanso likhweru lanu. Lachisanu anatera pa waya, anaitana ngati inu, anadikira pang'ono, n'kudziyankha yekha ngati achimwene. Anabwereza kangapo. Ndinakhala pa wilibala n'kumamvera inu ndi achimwene mukulankhulana pa waya. Akapitawo anabwera kuti andikalipire, koma atandiona nkhope anangonditengera paipi n'kuthirira okha.

Mayeso a masamu ndakhoza, pepala ndaliika m'kalata muno kuti Amayi aone. Mtengo uja wa atchete kuseri kwa khola musalole kuti audule, ngakhale ukugwetsera masamba pa denga.

Ndine mwana wanu,
Makutu

27 Epulo

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira nonse muli bwino. Ine ndili bwino, koma ndine chitsiru, ndipo ndikufuna mumve kwa ine ndemwe.

Lachinayi tinkasamutsa mbande pafupi ndi mpanda, ine ndi Amayi a Mbande. Iwo ankakamba za mpongozi wawo, ine ndinkamvera mitengo. Mnthengu anayamba zake zija, kuitana n'kudziyankha. Mayiwo anaweramuka n'kugwira m'chiuno.

"Mbalame iyi yawonjezera vesi. Kale inkangoimba nyimbo ya Wamanyowa yokha."

Thileyi ya mbande inandipulumuka m'manja.

"Wamanyowa ndani?"

"Aa, kodi umalankhula?"

"Mayi, chonde, Wamanyowa ndani?"

"Taonani, mawu anayi onse tsiku limodzi. Tola kaye mbandezo."

Anandizunza mpaka nditatola yomaliza. Kenako anafotokoza. Akuti pali mnyamata wamtali amene amabweretsa manyowa a mahatchi pa lole Lachiwiri lililonse m'mawa, nthawi imene ine ndimakhala m'kalasi. Amatsitsira pa mpanda womwewo ndi fosholo, ndipo chiyambire amaimba kanyimbo kamodzi komweko mpaka anthu anatopa nako, mbalame yokha ndi imene inakakonda. Dzina lake lenileni palibe amalidziwa. Ndinafunsa za mano. Anati, "Mpata woti njinga n'kudutsapo."

"Nanga bwanji simunandiuze?"

"Unandifunsa? Mwezi wathunthu ukuzungulira mageti a eni ake ngati wogulitsa tomato, agalu akukudya, ine ndili pompano, chigongono changa chikugunda chako. Mbalame umaifunsa, anthu ayi."

Anati malipiro ake ndiwafotokozere nkhani yonse kuyambira pachiyambi, ndipo ndinafotokoza: za inu, za kudimba, za Amayi amene amayang'ana basi iliyonse. Sindinalankhulepo nthawi yaitali choncho chibwerereni kuno. Pakamwa panachita kuuma. Nditamaliza anandipatsa tiyi wa m'botolo lawo.

Mkucha ndi Lachiwiri. M'mawa sindipita kusukulu. Ndikudziwa zimene munganene, koma kalatayi ikamafika m'manja mwanu zidzakhala zitachitika kale. Mudzandikalipire pamodzi ndi zina.

Ndine mwana wanu,
Makutu

4 Meyi

Okondedwa Bambo ndi Amayi,

Ndawapeza. Ali moyo, ali bwino, manja ndi miyendo zonse zilipo. Amayi akhale pansi, zotsalazo ndifotokoza mwadongosolo.

Ndinafika kunazale nditavala yunifolomu n'kubisala kuseri kwa matumba a dothi. Lole inalowa chammbuyo mpaka pa mpanda. Munthu anadumpha, chipewa chili m'maso, atandifulatira. Msana ndinaudziwa, koma ndinafuna kumva kaye. Anayamba kutsitsa manyowa ali chete, osaimba kanthu. Milomo yanga inauma, kawiri konse kunangotuluka mphepo. Kachitatu likhweru lanu linatuluka bwinobwino.

Sanatembenuke. Anatola chibuma n'kugenda pa waya.

"Choka, iwe. Wandizunza mokwanira."

Ankayesa ndi mnthengu. Ndiye ndinaganiza zoimba chimene mbalame ija sinandimvepo ndikuimba: kuyankha kwanga, kawiri kaja. Fosholo inaima m'malere. Anatembenuka pang'onopang'ono, ine n'kuimirira.

"Makutu? Wakula liti iwe?" Asanandigwire n'komwe anafunsa, "Bambo ali moyo?"

"Ali moyo. Bondo lokha."

Anakhala pansi pa mulu wa manyowa pomwepo, chipewa ataphimba nacho kumaso. Sindinadziwe ngati akuseka kapena akulira, ndiye ndinangokhala nawo pamuluwo. Akuti Lachiwiri lapitalo ndi linzake lija anamva inu mukuitana pa waya, likhweru limene sanalimve zaka zonsezi, ndipo anaganiza kuti mwamwalira kapena iwo ayamba misala. Chakudya sichinkalowa. Nditawauza kuti mbalameyo ndinaiphunzitsa ndine mosadziwa, anandigwira khosi n'kundigwetsera m'manyowa monga ankachitira kumtsinje. Amayi a Mbande anaitana nazale yonse kuti idzaone. Nditafika kusukulu masana, aphunzitsi sanafunse kumene ndinali. Anangonunkhiza n'kundiuza kuti ndikaphunzirire pakhonde.

Tsopano mbali yovuta. Achimwene anandipempha kuti ndisakulembereni. Ntchito ya kufakitale inatha kalekale, ndipo panopa amasamalira makola a mahatchi kunja kwa mzinda.

"Ndinachoka nditalonjeza nyumba ya malata," anatero. "Ndilembe kuti chiyani? Kuti mwana wanu amawola ndowe?"

"Bambo amawola za mbuzi tsiku lililonse, ndipo palibe amawalipira."

Anaseka, koma sanavomere. Ndinawauza kuti zoti ali moyo ndi za ntchito ndilemba, afune asafune, chifukwa Amayi sindingawabisire. Palinso zina zimene anandiuza. Zimenezo ndalonjeza kuti adzanena okha. Si zoipa. Koma cholembera akuchiopa kuposa mmene ine ndimaopera galu uja, ndipo sindikudziwa ngati adzalembe. Musatumize uthenga waukali, angathawenso.

Amalume anangoti, "Mbalame ija tiipatse chiyani?"

Ndine mwana wanu,
Makutu

25 Meyi

Okondedwa Bambo ndi Amayi,

Tonse kuno tili bwino, ndipo mawu akuti tonse tsopano atalika. Kalata yanu inafika. Ndinaitenga n'kukawawerengera achimwene. Pamene Amayi analemba kuti malata sawafunsa kuti adzuka bwanji, achimwene anatuluka panja kukayang'ana mahatchi amene anali atawayang'ana kale.

Tsopano Lamlungu lililonse ndimapita kumakolako. Amakhala m'kachipinda kuseri kwa nyumba yosungiramo udzu, kaukhondo, ka makatani a maluwa amene mukudziwa kuti achimwene sangasankhe okha. Mbalame kumeneko ndi zambiri moti ndinasowa poyambira. Anamzeze amanga zisa m'khola lenilenilo, pamwamba pa mitu ya mahatchi. Kudambo lakumunsi kuli nkhwali, ndipo lero ndamva mwiyo weniweni, awiri, wina kuitana wina kuyankha. Achimwene akuti akhala akuwamva zaka zonsezi, n'chifukwa chake kanyimbo kaja sikankachoka pakamwa.

Milungu iwiri yapitayi ndinkapita ndi pepala n'kubwerera nalo loyera. Tsiku loyamba anati dzanja lawawa. Tsiku lachiwiri anati hatchi ina ikudwala. Lero munthu wina amene sindiloledwa kumutchula anabisa nsapato zawo, anaika pepala pa tebulo n'kunena kuti, "Bambo a mwana, m'nyumba muno palibe kudya mpaka mutalembera amayi anu." Mawu atatu oyambawo muyese ngati simunawaone.

Anakhala pa tebulopo kuyambira masana mpaka dzuwa kupendeka. Anang'amba mapepala angapo. Anandifunsa ngati angayambe ndi kupepesa kapena ndi moni, ndinati ayambe ndi moni monga anthu onse. Anandithamangitsira panja. Ndikubwera ndinapeza apinda kale pepala n'kulimata, maso ali ofiira, akudya ngati munthu wochokera kumunda.

Pepala lomatalo ndi limene lili m'kati mwa kalata ino. Sindinaliwerenge. Ine lonjezo langa ndasunga, sindinaulule kanthu. Ndingopempha kuti Amayi akapeza nsalu yofewa asoke kadiresi, msinkhu wake wofika m'bondo mwanga. Mizere yokhotakhota ili m'munsimu si yanga. Cholembera chinalandidwa ndili mkati molemba, ndipo wolandayo amaluma.

Mukamawayankha achimwene, musayambe ndi zaka zinayi zija. Yambani ndi kufunsa dzina la amene wakhwatchakhwatcha apayu.

Ndine mwana wanu,
Makutu